Mapiritsi Awiri M'dzanja la Amayi

Wokondedwa mlongo wanga Mzime,

Ndikhulupirira kalatayi ikupeza uli bwino, iweyo, alamu ndi mwana. Kodi chifuwa chija chinamusiya? Wayamba kukhala pansi yekha? Pa chithunzi chimene unatumiza chija, makutu ake ndi a malemu Bambo enieni. Nditawauza Amayi, akuti asadandaule, akakula adzamuthandiza kumva nkhani za eni ake.

Kuno tonse tadzuka. Mawu amenewa ndawalemba mosamala, chifukwa masabata atatu apitawo sindikanatha kuwalemba.

Usadzidzimuke. Ndiyambe ndi kumapeto kuti uwerenge mtima uli m'malo. Amayi ali moyo, ali kunyumba, akudya, ndipo akulalata monga mwa masiku onse. Amayi aang'ono, amene iwe uli kamwana unawatcha a Makina dzinalo n'kuwakanirira, nawonso ali moyo. Onse awiri anagonekedwa m'chipatala, ndipo onse awiri anatulukamo ndi miyendo yawo.

Ukudabwa kuti palibe anakuuza. Ndinaletsa ndine. Uli kutali, uli ndi mwana wa kubere, ukanangolira popanda chochita. Komanso pa foni umangondiuza kuti "Achimwene, kwezani mawu," pamene nkhani iyi si yokweza mawu. N'chifukwa chake ndakhala pansi ndi pepala. Uwerenge mpaka pomaliza, chifukwa pali chimene ndikufuna undichitire.

Ukukumbukira uthenga wa mawu umene unatumiza pa foni ya Amayi pa 6 Epulo? Linali Lamlungu, ine ndinalipo. Unati wawerenga penapake kuti ofufuza apeza zoti amayi obereka amakhala ndi moyo wautali kuposa osabereka, ndipo amene anabereka mwana womaliza atakula kale ndiwo amafika patali zedi. Unali kuseka. Unati Amayi akuthokoze chifukwa unabwera iwo ali ndi zaka 43, ndiye wawagulira zaka zana. Unatinso iwe pobereka uli ndi zaka 40 walowa pa mzere womwewo.

Amayi anaseka mpaka kutsokomola. Anandiuza kuti ndiubwereze uthengawo, ndinaubwereza. Anati ngati ana ndiwo amawonjezera zaka, ana asanu ndi atatu awapatse zaka mazana awiri, koma wina awabwezere kaye mano ndi msana wawo.

A Makina anali pa makina awo pafupi ndi zenera, akupinda siketi ya munthu. Nawonso anaseka. Kenako anafunsa osatembenuka, akuti, "Nanga osaberekawo akuti amatani?" Amayi anati, "Iwe, soka uko, za pa foni n'zocheza." Nkhani inathera pomwepo. Iwe potumiza unaiwala, monga ifenso pomvera tinaiwalira, kuti m'chipinda chomwecho munali mayi amene sanaberekepo. Ine ndinamwa tiyi wanga n'kumapita.

Wakhalitsa osabwera, ndiye ndikuuze mmene zinthu zimayendera m'nyumba muja masiku ano. Onse awiri ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo anawapatsa mankhwala ofanana, piritsi limodzi m'mawa uliwonse, aliyense botolo lake. Maso a Amayi achita ng'ala, zing'onozing'ono sakuzionanso. Ndiye m'mawa a Makina ndiwo amatsegula mabotolo n'kuwaikira mankhwala m'dzanja. Masiku ena pamakhalanso la mawondo, choncho Amayi anazolowera kumeza chilichonse chimene chagwa m'dzanja lawo, osafunsa.

Ntchito yanga inali ya Lamlungu. Ukundidziwa, ku sitolo kuja ndimakhalira kuwerenga matumba a simenti ndi mapaketi a misomali, ndiye dzanja linazolowera. Ndimakhuthula botolo lililonse pa tebulo n'kuwerenga. Sabata iliyonse botolo la Amayi limachepa ndi asanu ndi awiri, la a Makina ndi asanu ndi awiri. Silinaphonyepo. Ndimabwerera kwathu mtima uli mbee, n'kumauza mlamu wako kuti nkhalamba zathu ndi zomvera.

Chakumapeto kwa Epulo, Amayi anayamba kudandaula chizungulire. Akaimirira amagwira khoma. Masana onse amangowodzera pa mpando, ngakhale wogulitsa makala uja akadutsa sankamukalipiranso za mtengo. Anthu obwera kudzacheza amati n'zosadabwitsa, zaka 83 ndi mimba zisanu ndi zitatu, magazi anathera mwa ana. Amayi nawonso amavomereza, akuti tinawayamwa mpaka m'mafupa. Ine ndinawagulira mkaka ndi zipatso.

A Makina anayamba kumanga mpango wothina kumutu. Ndikafunsa amati ndi kuwala kwa pa zenera. Mapazi anatupa, amati ndi kupalasa makina. Tsiku lina kunabwera mayi wina kudzasoketsa madiresi a ukwati wa mwana wake wa mu Ogasiti, iwo anamubweza, akuti Ogasiti ndi kutali, apite kwa atsikana a pa msika. Sizasi yawo yaikulu ija, imene tinkakwapulidwa tikaikhudza, anampatsa mlamu wako, akuti yayamba kuwalemera. Zonsezi ndinaziona chimodzichimodzi, koma sindinaziphatikize.

Lachiwiri pa 20 Meyi, dzuwa litakwera, Amayi anadzuka pa mpando kuti apite ku bafa. Anagwa pakhomo penipeni, n'kumenyetsa chipumi pa felemu la chitseko. A Makina anathamangira ku msewu opanda nsapato n'kuimitsa mnansi wathu uja woyendetsa galimoto ya buledi. Amayi anapita ku chipatala atagona pakati pa makireti. Lero akuti sadzadyanso buledi, fungo lake likuwakumbutsa imfa, koma dzulo ndawapeza akudya.

Nditafika ndinapeza atawasoka kale pachipumi. A Makina anali ataima pambali, komabe anapeza mpata wondinong'oneza kuti msokowo ndi wokhota, wophunzira wawo akanasoka choncho akanamuuza kuti aphwasule.

Dokotala anali mayi wachitsikana, wolankhula mofatsa. Anati magazi a Amayi akuyenda mofooka kwambiri, zosayenera munthu amene matenda ake ndi othamanga magazi. Anandituma kukatenga mankhwala onse a m'nyumba. Ndinabweretsa mabotolo awiri aja, n'kumufotokozera kuti ine ndimawerenga Lamlungu lililonse ndipo palibe piritsi losowa kapena lotsala. Anandithokoza. Anasunga botolo la Amayi, n'kunena kuti asiye kaye kumwa. La a Makina anawabwezera, akuti agogo, inu pitirizani anu.

Tsiku lotsatira Amayi sanasinthe. Dokotala anati mankhwala atasiyidwa magazi anayenera kuyamba kukwera, ndiye mwina vuto ndi mtima weniweniwo, afunika kuujambula. Mlongo wanga, tsiku limenelo ndinatuluka panja n'kukakhala pa benchi ya pafupi ndi geti. Ndinayamba kuganiza kuti ndikuuza bwanji, ndipo ndiyambe ndi ndani mwa ana asanu ndi mmodzi amene tatsala ndi moyofe.

Lachinayi m'mawa ndinapita ndi fulasiki ya tiyi nthawi yoona odwala. A Makina ndiwo amagona nawo Amayi m'wodimo. Ndinali nditatembenuka, ndikuthira tiyi m'kapu, pamene ndinamva mawu ngati bingu kumbuyo kwanga: "Agogo, tambasulani dzanja limenelo!"

Anali namwino wina wamkulu thupi, amene anabwerera kudzatenga cholembera chimene anaiwala pa bedi. Anagwira dzanja la Amayi lili panjira yopita kukamwa. M'dzanjamo munali mapiritsi awiri a kuthamanga kwa magazi.

Namwino anafunsa kuti awatenga kuti. Amayi anati afunse mng'ono wawo, iwo amangomeza. A Makina anayang'ana pansi. Kenako anati adokotala anawalanda akulu awo mankhwala, ndiye iwo sakanangoonerera, amawapatsa awo. Namwino anafunsa kuti chifukwa chiyani awiri. Iwo anati chifukwa ndi mmene akhala akumwera.

Apo namwino anasiya kukalipa. Anakhala pamphepete pa bedi n'kufunsa pang'onopang'ono kuti kuyambira liti. A Makina anati kuyambira tsiku lotsatira uthenga wa Mzime. M'mawa uliwonse amatenga limodzi m'botolo la Amayi, limodzi m'botolo lawo, onse awiri n'kuika m'dzanja la Amayi. N'chifukwa chake mabotolo anga amachepa molondola. Namwino anati, "Nanga inuyo munamwa liti lomaliza?" A Makina anangokonza mpango wawo.

Namwino anawamanga a Makina lamba woyezera kuthamanga kwa magazi pa mkono. Ndinaona nkhope ya namwino ikusintha. Anamasula, n'kumanga mkono winawo. Kenako anathamanga, munthu wa thupi lotere, kukaitana dokotala. Dokotala anati ndi mwayi chabe kuti mtsempha wa m'mutu sunaphulike, munthu wofika pamenepo ambiri amabwera atafa kale ziwalo. Bedi loyandikana ndi la Amayi linali litangotsala lopanda munthu, anawagoneka pomwepo.

Ndiye tangoganiza, Mzime. Bedi ili mkulu, magazi ali pansi. Bedi ilo mng'ono, magazi ali kumwamba. Namwino uja mtima utakhala pansi anati tikawaphatikiza n'kugawa pawiri tipeza gogo mmodzi wathanzi. Ine ndinayesadi m'mutu, ndipo zinatuluka zoona. Za kujambula mtima zija zinathera pomwepo. Mtima wa Amayi ulibe vuto.

Masana ake ndinakhala pa kampando pakati pa mabedi awiriwo. Amayi anali atatseka maso. Ndinawafunsa a Makina kuti anachitiranji zimenezi. Sindinakalipe, ukudziwa sindidziwa kukalipa.

Anati ndisawaone ngati openga, anaganiza bwinobwino. Akuti uthenga wako unanena kuti osabereka amatsogola, ndiye iwo pa zaka 79 adya kale ndi za eni ake. Mankhwala pa iwo kunali kuthirira mtengo wouma. Koma akulu awo ali ndi ulendo wofika zaka zana, ndipo wopita kutali ndiye amanyamula kamba wambiri. Ndinawauza kuti mankhwala si chakudya, ukawonjezera sakupatsa mphamvu, amakugwetsa. Anati tsopano adziwa, anaona ndi maso awo pakhomo la bafa.

Ndinati, koma Amayi aang'ono, simunaope kufa? Apa ndi pamene anandiuza chimene chandichititsa kulemba kalatayi.

Anati imfa sanaiopepo. Chimene akhala akuopa zaka zonsezi n'chakuti Amayi atsogole, iwo atsale. Ndilembe mmene ananenera, chifukwa mawuwo sakundichoka: "Nyumba ija ndi ya bambo anu. Akulu anga akachoka, ine nditsala ndani mmenemo? Mlendo wokalamba ndi makina ake. Ndinu ana aulemu, simudzandithamangitsa. Koma mudzakhala pansi n'kumakambirana kuti mwezi uno akhale kwa ndani, mwezi wamawa kwa ndani. Ine ndidzakhala panja, ndikumva."

Akuti uthenga wako sunawapweteke ayi, unawamasula. Tsiku limenelo anagona tulo tabwino, chifukwa anamva kuti ophunzira atsimikiza zoti iwo ndiwo adzatsogole. Mapiritsiwo kunali kungothandizira kuti zisalephereke.

Koma Amayi sanali mtulo. Anatsegula diso limodzi n'kuti, "Chitsiru cha mkazi." A Makina anati, "Akulu, mwadzuka?" Amayi anati adzuka kalekale, ndipo akanakhala ndi mphamvu akanadzuka zenizeni kudzawakoka khutu. Anati anthu amaphedwa ndi adani, iwo anatsala pang'ono kuphedwa ndi chikondi. Anati, "Ukafa iwe, ine nditsala ndi ndani m'nyumba muja? Ndani andiikire mankhwala m'dzanja? Uyu? Uyu amawerenga botolo, sawerenga pakamwa."

Odwala a mabedi ena anaseka, inenso ndinaseka. A Makina anaseka kenako analira, Amayi n'kutambasula dzanja kufufuza lawo pakati pa mabediwo. Ndinasuntha kampando kuti manja awo akumane.

M'mawa mwake dokotala poyendera odwala anali atamva kale nkhani yonse. Ndinamutsegulira uthenga wako kuti aumve, undikhululukire, ndinafuna adziwe pamene zinayambira. Anamvetsera mpaka kumapeto. Anati zimene unawerengazo si zopeka, ofufuza ena anawerengadi anthu ambirimbiri n'kuona zotere. Koma akuti chiwerengero cha chikhamu sichiuza munthu mmodzi tsiku lake. Iye waonapo amayi a ana khumi akupita msanga, ndi osabereka akukalamba mpaka kuiwala zaka zawo.

Anatinso ofufuzawo sanagwirizane chifukwa chake. Ena amati si kubereka mochedwa kumene kumalimbitsa thupi, koma thupi lolimba kale ndilo limatha kubereka mochedwa. Ena amati okalamba amene ali ndi ana amafika patali chifukwa amakhala ndi owayang'anira, owaperekeza ku chipatala, owaona akasintha nkhope. Kenako anatembenukira kwa a Makina n'kufunsa kuti iwo amawayang'anira ndani, ali ndi ana angati.

A Makina anati, "Ndilibe, adokotala."

Ine ndinali nditaima pomwepo, nditanyamula chikwama chawo cha zovala.

Amayi anali atayamba kupeza mphamvu, ndiye wodi yonse inamva. Anati limenelo ndi bodza la masana. Anamuuza dokotala za kubadwa kwako, zimene mwina iwe sunazimvepo zonse. Utabadwa, Amayi anadwala miyezi isanu, osatha kukunyamula, mkaka osatuluka. Nthawi imeneyo a Makina anali atangosiyidwa ndi mwamuna wawo chifukwa chosowa mwana. Anabwera ndi makina awo kuti athandize masabata awiri. Masabata awiriwo ndi amene akupitirira mpaka lero.

Anakumwetsa mkaka ndi kasupuni. Amasoka iwe uli kumsana, ndipo makina akangoima umalira, ndiye amapalasa ngakhale popanda nsalu kuti ugone. Ine ndikukumbukira, ndinali mnyamata wamkulu. Yunifolomu ya aliyense wa ife inatuluka pansi pa singano yawo, ndipo Bambo atamwalira ndi singano yomweyo imene inakufikitsa iwe ku sekondale.

Amayi anati, "Ine ndinabereka, inde, palibe akukana. Koma ngati zaka akugawa potengera ana, uyu mumupatse theka. Mzime yekhayo mumulembe kwa iyeyu yense, ine ndinangomusungira miyezi isanu ndi inayi."

Dokotala anaseka. Anati ndiye funso lake analifunsa molakwika. Akuti kwa iye chofunika si chakuti agogo anabereka angati, koma kuti mutu ukawapweteka amadziwa ndani.

Mutu unawapweteka kuyambira Epulo mpaka Meyi, ndipo sanadziwe aliyense.

Anatuluka onse awiri Lolemba lotsatira. Tsopano tasintha kachitidwe. Mlamu wako amadzera kumeneko m'mawa popita ku ntchito, amapereka yekha piritsi kwa aliyense, n'kudikira mpaka ameze. Amawauza kuti atsegule pakamwa aone. Amayi amati sanaonepo mpongozi wosuzumira m'kamwa mwa apongozi ake, dziko latha. A Makina amatsegula osadandaula. Sabata yatha tinapita kukayezetsa, onse awiri ali pabwino. Chizungulire chinatha, mapazi aphwa, mpango wakumutu uja unabwerera m'sutikesi. Wogulitsa makala akuti wazindikira kuti agogo achira chifukwa amutchanso wakuba.

Za nyumba ndinalankhula ndi abale ako onse, mmodzimmodzi. Palibe anazengereza. Chipinda cha pa zenera chija ndi cha a Makina moyo wawo wonse, kaya Amayi alipo kaya palibe, ndipo sipadzakhala msonkhano wogawana miyezi. Amayi akadzatsogola, ine ndi mlamu wako tidzasamukira komweko, iwo sadzasuntha. Ndinawauza zimenezi pamaso pa Amayi. A Makina anangotuma mlamu wako kuti abweze sizasi ija, ndipo afunse ngati mayi wa ukwati uja anapeza kale telala.

Ndiye ukhoza kupuma, mlongo wanga, monga inenso ndapumira. Usadziimbe mlandu. Unatumiza nthabwala kwa mayi ako, palibe cholakwa pamenepo. Mantha aja a Makina anali nawo kale iwe usanatumize kanthu. Mwinanso ukanapanda kutumiza, bwenzi atapita nawo kumanda ife osadziwa.

Koma sizinathe zonse, ndipo apa ndi pamene ndikukufuna.

Ndikuona kuti za nyumba zija a Makina sanazikhulupirire mpaka pansi pa mtima. Anauza mlamu wako kuti mwana wamkulu amayenera kulankhula choncho, ndi udindo wake. Ndipo kawiri konse andifunsa ngati iwe wamva. Akuchita manyazi. Akuti Mzime akadziwa kuti anatsala pang'ono kumuphera mayi ake, sadzafunanso kumva mawu awo. Ndinawauza kuti sizingatheke, iwo akuti ine si Mzime.

Masiku amene ndakhala ndikupita kumeneko madzulo ndaona chinthu china. Tonsefe tikaimba, timaimba pa foni ya Amayi. Timacheza, timaseka, timadandaula za ana ndi za ntchito. Pomaliza penipeni, mayunitsi akutha, ndi pamene timati, "Mupereke moni kwa a Makina." Amayi amatembenuka n'kuti, "Akuti moni." Iwo amati, "Zikomo," makina osaima. Sindikunena iwe wekha, inenso ndikakhala pa ulendo ndimatero. Munthu akamalandira moni wotsala zaka zonsezi, angadziwe bwanji kuti ali ndi ana?

Ndawapatsa foni yanga yakale ija, ndipo mlamu wako wawaphunzitsa poyankhira. Nambala ndalemba kuseri kwa pepala lomalizali. Mpaka pano amene aimbapo ndi ine, mlamu wako, ndi bambo wina amene anasokoneza nambala akufuna makaniko. Amayi akuti a Makina anacheza naye nthawi yaitali, mpaka anamufunsa za thanzi la ana ake. Abale ako ndawauza, alonjeza kuti aziimba. Koma amene akumudikira ndi iwe.

Chonde, ukangowerenga kalatayi, uwaimbire pa nambala yawoyo. Usapepese za uthenga uja, ukatero ayamba kukutonthoza ndiwo, ndipo adzasenza mlandu wina. Usawakalipire za mapiritsi, Amayi anakalipa kale mokwanira tonse. Ungowauza kuti wamva zonse ndipo ukufuna kumva mawu awo. Uwafunse za mwana, kuti akamalira usiku umutani, chifukwa amene anakugoneka iwe ndi iwowo. Ngati ungathe, umuyeze mwanayo ndi chingwe n'kuwauza, akusokere kanthu. Ndaona kuti akakhala ndi ntchito yoti wina akuidikira, amadya bwino.

Ndipo tsiku limenelo usaimbe pa foni ya Amayi. Ukamaliza kucheza, uwauze a Makina kuti apereke moni kwa Amayi. Ndawafunsa Amayi ngati sakhumudwa. Akuti ayi, nawonso alaweko moni wotsala, aone mmene umakomera.

Foniyo amaisunga m'thumba la epuloni yawo, pamodzi ndi tepi yoyezera. Dzulo ndili pomwepo anaitulutsa kangapo, n'kundifunsa kuti ndione ngati siinazime. Siinazime, mlongo wanga. Ili bwinobwino.

Undiperekere moni kwa alamu, uwauze kuti tikuthokoza chifukwa chokusamala. Mwanayo umupsompsone pa makutu a agogo akewo. Mlamu wako ndi ana akupereka moni, Amayi akuti uzidya mokwanira poti ukuyamwitsa. Mulungu akusunge iwe ndi a m'nyumba mwako, ndipo atisungire nkhalamba zathu ziwirizi, onse awiri pamodzi, nthawi yaitali.

Ndine mlongo wako,
Achimwene aakulu